Mzere Wopangidwa ndi Mapazi

Palibe mudzi umene ulibe njira yopita kuchitsime, ndipo palibenso munthu amene angaimirire pabwalo nanena kuti njira imeneyo anailambula ndiye. Inayamba ndi mkazi mmodzi amene anadzera m'udzu atasenza mtsuko. Mawa lake wina anaona pamene udzu unagona naponda pomwepo, ndipo pofika nthawi yokolola panali kanjira koyera kosamera kanthu. Henry Drummond, mphunzitsi wa ku Scotland amene anakwera ndi mtsinje wa Shire kufikira ku Nyanja m'chaka cha 1883, anazizwa nazo njira zoterezi, nazifotokoza m'buku lake lotchedwa Tropical Africa, limene linatuluka mu 1888. Chimene chinamdabwitsa koposa ndicho kupapatiza kwake ndi kukhotakhota kwake: mtengo ukagwera panjira anthu sauchotsa, angoulambalala, ndipo ngakhale chiswe chitaudya mtengowo kufikira kuutha, njira ikhalabe yokhota pamalo pomwepo monga ngati ikumbukira.

Njira yotere ndi mbiri yolembedwa ndi mapazi a anthu ambiri, ndipo palibe amene anaiyesa luso. Koma m'chaka cha 1967 mnyamata wina wa ku England anapanga kanjira yekhayekha, tsiku limodzi, kosapita kuchitsime kapena kumunda kapena kwina kulikonse, nakatcha ntchito ya luso. Lero, m'masukulu ophunzitsa zojambula ndi zosema, kanjirako kawerengedwa pamodzi ndi ntchito zimene zinasintha maganizo a anthu pa funso lakuti luso nchiyani.

Dzina lake ndiye Richard Long. Anabadwa mu 1945 ku Bristol, mzinda wa pa mtsinje wa Avon chakumadzulo kwa England. M'nyengo yachisanu ya 1964, akali pa sukulu ya zaluso ya mumzinda wa kwawo, anaumba mpira wa chipale chofewa, ndiwo madzi oundana amene amagwa ngati ufa m'maiko ozizira, naugubuduza pamsipu. Mpirawo pogubuduzika unatola chipale chonse chimene unakhudza, nusiya m'mbuyo mwake mkukuluzi wakuda wokhotakhota pakati pa dziko loyera mbee. Ana onse a kumeneko amachita masewera omwewo. Chachilendo chinali chakuti Long anatenga kamera najambula mkukuluziwo, osasamala za mpira. Akulu a sukulu sanakondwere ndi machitidwe ake, ndipo anamchotsa. Mu 1966 analowa sukulu ya St Martin's ku London, kumene mmisiri womveka, Anthony Caro, anali kuphunzitsa, ndipo dzina la sukuluyo masiku amenewo linamveka chifukwa cha zitsulo zazikulu zowotcherera pamodzi ndi kupakidwa utoto wowala. Chosema chinali chinthu cholemera, chofuna anthu angapo pochinyamula, chokhala zaka mazana osasintha.

Tsono mu 1967, ali ndi zaka 22, Long anaima m'munda wina wa udzu waufupi kummwera kwa England, nayamba kuyenda molunjika, nabwerera momwe anadzeramo, napitanso, nabwereranso, kufikira udzu unagona ndipo dzuwa powala pa udzu wogonawo linaonetsa mzere woyera wolunjika ku mitengo ya kumapeto a mundawo. Anajambula chithunzi chimodzi chopanda mitundu, nachoka. Dzina la ntchitoyo ndilo A Line Made by Walking, ndiko kunena kuti mzere wopangidwa poyenda. Pamalopo sanabweretse kanthu, sanachotsepo kanthu. Chipangizo chake chinali kulemera kwa thupi lake ndi nsapato zake. Udzu unadzukanso, monga udzu uchitira, ndipo mzerewo unatha.

Kulemba pa nkhope ya dziko sikunayambe ndi iye, ndipo iye mwini sananene kuti kunatero. M'dziko lakwawo lomwelo, pa chitunda cha Uffington, pali chifaniziro cha kavalo chotalika mamita 110. Anthu akale anakumba ngalande m'mbali mwa chitundacho nazidzaza ndi choko chosinja, pakuti mapiri a kumeneko ali ndi mwala woyera umenewu pansi pa udzu. Ndipo kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti ntchitoyo inachitika pakati pa zaka za 1380 ndi 550 Khristu asanabadwe. Chodabwitsa pa kavaloyu si ukale wake wokha. Akadasiyidwa zaka makumi ochepa osampalira, udzu ukadammeza ndithu. Kuti aonekabe lero ndi umboni wakuti mbadwo uliwonse kwa zaka pafupifupi 3,000 unakwera chitundacho kukazula udzu ndi kuthira choko chatsopano, ngakhale zinenero, mafumu ndi zipembedzo za dzikolo zinasintha kangapo konse. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anamphimba dala kuti ndege za adani zisamyese chizindikiro cha njira, ndipo nkhondo itatha anamvundukulanso.

Ku Peru, ku South America, nkhani ndi yotembenuka: kumeneko chizindikiro sichifuna wochipalira. Chipululu cha Nazca chili m'gulu la malo ouma koposa pa dziko lapansi. Mvula sigwa kwenikweni, ndipo pamwamba pa nthaka pali timiyala todera tofiirira, pamene pansi pake pali dothi loyererako. Pakati pa zaka za 500 Khristu asanabadwe ndi 500 atabadwa, anthu a kumeneko anatola timiyalato natiunjika m'mbali, ndipo dothi loonekeralo linasanduka mizere. Ina ndi yolunjika mailosi angapo osakhota, kukwera zitunda ndi kutsika. Ina ndi zifaniziro za kangaude, pusi, nsomba ndi mbalame, ndipo chodziwika koposa ndi kambalame ka mlomo wautali konga choso, kotalika mamita oposa 90. Maria Reiche, mkazi wa ku Germany wodziwa masamu, anathera moyo wake pa mizereyi kuyambira m'zaka za m'ma 1940 kufikira imfa yake mu 1998, kuiyeza ndi kuisesa ndi tsache, kotero kuti anthu a m'deralo poyamba anamyesa wozungulira mutu. Iye anakhulupirira kuti mizereyo inali kalendala ya dzuwa ndi nyenyezi, koma akatswiri a zakuthambo amene anayesa ganizolo pambuyo pake sanapeze umboni wokwanira. Ofufuza ambiri a masiku ano atsamira kwina. Zifaniziro zambiri za nyama zinalembedwa ndi mzere umodzi wosaduka ndi wosapingasana, wokhala ndi polowera ndi potulukira, monga njira imene anthu angatsatire mondondozana. Ndiponso m'mbali mwa mizere mumapezeka mapale a mbiya zoswedwa. Motero nkotheka kuti zifanizirozo sizinapangidwire maso koma mapazi, pa miyambo yopempha madzi. Long anapita ku Peru mu 1972, nayenda mzere wakewake m'chigwa china cha dzikolo.

M'zaka zomwezo amisiri ena a ku America anatulukanso m'nyumba zoonetsera zaluso kupita kuthengo, koma anapita ndi mtima wina. Michael Heizer, mu 1969 ndi 1970, anaphulitsa ndi kukumba ngalande ziwiri zazikulu zopenyana m'chipululu cha Nevada, nachotsa matani 240,000 a miyala ndi dothi. Robert Smithson, mu April 1970, analemba ganyu magalimoto ndi mathirakitala kuti atayire miyala yakuda ndi dothi, matani oposa 6,000, m'nyanja yamchere ya Great Salt Lake ku Utah, napanga mlatho wosaoloka, wotalika mamita 460, wopindika ngati nkhata. Dzina lake Spiral Jetty. Patangopita zaka ziwiri madzi a nyanjayo anakwera naumiza. Smithson anafa pa ngozi ya ndege mu 1973, ndipo nkhata yakeyo, kupatula kanthawi kochepa apo ndi apo, inakhala pansi pa madzi kufikira chilala cha 2002, pamene inatuluka itayera ndi mchere. Olemba mabuku amaika Long m'gulu limodzi ndi anthu awa, pansi pa dzina limodzi la luso la pa nthaka, koma iye wakhala akukana ubalewo: ntchito zawo zinafuna ndalama zambiri, makina, ndi kugula kapena kubwereka malo, pamene zake zinafuna miyendo, chikwama cha kumsana ndi mapu. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Wina akafika pamalo amalamula kuti malowo asinthe. Mnzakeyo akafika amayamba wayang'ana chimene chilipo.

Chitsanzo chomveka bwino cha khalidwe limeneli chinachitika m'Malawi. Mu 1978 Long anakwera phiri la Mulanje ali ndi cholinga chopanga mkombero wa miyala, monga anali atachitira kale m'maiko ena. Atafika pamwamba sanapeze miyala yoti nkutola. Wodziwa Mulanje angamwetulire pomva zimenezi, pakuti phirilo ndi thanthwe lokhalokha. Komatu thanthwe losalala lalikulu ngati mudzi silinyamulika, ndipo Long anafotokoza pambuyo pake kuti ku mapiri ozizira amene anawazolowera madzi oundana ndiwo amaswa matanthwe kukhala zidutswa, ntchito imene pamalo pamene iye anafikapo inali isanachitike. Chimene chinali mbwee pamalopo ndi ziputu ndi nthambi zakuda za zomera zolimba za pathanthwe, zopsa ndi moto umene iye anati unayatsidwa ndi mphezi, ngakhale kuti anthu a m'tsinde mwa phirilo adziwa kuti moto wa pamwambapo kawirikawiri umachokera kwa osaka nyama. Sanasinthe ganizo la mkombero, koma anasintha chopangira: anatola nthambi zopsazo naziyala mozungulira pathanthwe, najambula chithunzi. Chithunzicho, chotchedwa Circle in Africa, chimasungidwa m'nyumba za zaluso ku Britain. Mkombero ndi wa mlendo, koma chooneka m'chithunzicho ndi cha Mulanje: moto wake, thanthwe lake, zomera zake. Ukadapangidwa ku Scotland kapena ku mapiri a Himalaya, kumene Long anayala mzere wa miyala mu 1975, sukadaoneka chotero.

Tsono panali vuto la momwe ulendo ungalowere m'nyumba, kuti anthu amene sanauyende aulawe. Njira imodzi inali chithunzi. Ina inali mapu olembedwapo mzere wa ulendo, monga wa mailosi 10 olunjika umene anayenda m'dambo la Exmoor mu 1968, osalambalala chithaphwi kapena chitsamba. Ina inali mawu owerengeka osindikizidwa pakhoma, otchula masiku, mtunda, mphepo ndi zimene anaona. Koma njira yoyenera kuilingalira koposa ndiyo kudinda. Mu 1970 anayeza kutalika kwa ulendo wolunjika kuchokera patsinde kufika pansonga pa Silbury Hill, chulu chachikulu choumbidwa ndi anthu zaka zoposa 4,000 zapitazo m'chigawo cha Wiltshire. Kenaka anaponda m'matope nayenda mtunda womwewo pansi pa chipinda choonetsera, mozungulirazungulira ngati nkhata kuti ukwanemo. Olowa m'chipindamo sanapeze chosema, anapeza mapazi.

Matope amene wawagwiritsa ntchito koposa ndi a mtsinje wa kwawo. Avon amathira m'nyanja yamchere pamalo pamene madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, nthawi zina mamita oposa 10, ndipo akatsika amasiya magombe a matope osalala, otuwa, omata, m'mene Long anasewera ali mwana. Mu 1979 anatulutsa buku lopanda nkhani, lotchedwa River Avon Book: tsamba lililonse analiviika m'matope osungunula naliimika kuti liume, ndipo madzi potsetsereka analemba okha timitsinje ndi tinthambi pa pepalapo, kotero kuti palibe masamba awiri ofanana. Pambuyo pake anayamba kupaka matopewo pamakoma ndi dzanja, mofulumira, kupanga mikombero ndi mizere yaikulu yodzala ndi zikhatho, ndipo madontho othovoka ndi otsikira pansi amawasiya momwemo, pakuti ndiwo aonetsa liwiro la mkono ndi kulemera kwa madzi. Pa zidutswa za matabwa zotayidwa ndi mtsinje amadinda chala, kadontho ndi kadontho, m'mizere. Mayi aliyense amene anazirapo nyumba ndi dothi lakuda nasiya mizere ya zala zake mokhota pakhonde adziwa kale zimene dzanja ndi dothi lonyowa zichita zikakumana. Ndipo nkhalamba imene inadindapo chala pa kalata chifukwa chosadziwa kulemba idziwa kuti chidindo chotere chinena chinthu chimodzi chokha, chakuti munthu uyu analipo. Chionetsero chikatha, makoma ambiri oterewa amapakidwanso utoto woyera.

Apa ndi pamene pagona funso limene lavuta ophunzira kuyambira 1967. Ngati udzu unadzuka, ndipo khoma linapakidwa, luso lili kuti? Lili m'kuyendako, m'mzere umene unatha, kapena m'chithunzi chimene chinatsala? Mphunzitsi wa ana oyamba sukulu sayenera kuvutika nalo funsoli monga avutikira akatswiri. Iye amatulutsa ana pabwalo, nawauza kuti asalaze mchenga ndi chikhatho nalembe ndi chala chilembo cha tsikulo. Belu likalira, mapazi a ana omwewo amafafaniza zonse, ndipo palibe amene amadandaula kuti phunziro latayika, popeza chilembocho chasamukira m'dzanja la mwana. Chimodzimodzi ndi mzere wa Long: chithunzi ndi mboni chabe, ngati mapazi a nyama kwa mlenje, amene amuuza kuti chinadutsa pano nchiyani, cholemera bwanji, cholowera kuti. Komabe nkoyenera kuvomereza kuti pamsika wa zaluso mboniyo ndiyo imagulidwa, ndiponso pamtengo wokwera. Ndipo munthu amene anayamba ndi kukana zinthu zolemera ndi zodula anadzaimira dziko la Britain pa chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 1976, nalandira mphotho ya Turner mu 1989.

Pali chidzudzulo china cholemera kuposa cha ndalama. M'zithunzi za Long simuoneka anthu. Peru, Sahara, Himalaya, Mulanje, konseko dziko lioneka ngati lopanda mwini, loyembekeza mlendo kuti adzalembepo chizindikiro choyamba. Ena mwa omtsutsa ananena kuti umenewu ndi mtima womwe uja wa oyendera maiko a m'zaka za m'ma 1800, amene ankati atulukira nyanja ndi mapiri pamene eni ake anali kusodza ndi kulima pomwepo. Chidzudzulochi sichopanda pake. Njira zokwerera Mulanje zinapondedwa ndi alenje, ndi otola nkhuni, ndi amuna otsika ndi matabwa a mkungudza pamutu, ndi onyamula katundu wa alendo. Phirilo lili ndi mizimu yake ndi miyambo yake, ndipo nsonga yake yaitali koposa, ya mamita 3,002, dzina lake lenilenilo ndi chenjezo kwa oyenda: Sapitwa. Za zonsezi chithunzi cha 1978 sichinena kanthu. Chimene chinganenedwe pomteteza ndi chakuti sanakhome mbendera, sanatche malo dzina lake, sanagule kapena kutchinga mpanda. Ndipo miyala imene amaimika kuthengo kawirikawiri amaigonekanso akatha kujambula. Wowerenga aweruze yekha ngati kuponda mopepuka kukwanira kulipira mlandu wa kusaona eni dziko.

Mnzake wa pa sukulu ya St Martin's, Hamish Fulton, wobadwa mu 1946, anaona kuti ngakhale kuponda mopepukako nkochuluka. Mu 1973, atayenda mailosi 1,022 m'masiku 47 kuchokera kunsonga ya kumpoto kwa Scotland kufika ku Land's End kummwera chakumadzulo kwa England, anatsimikiza mtima kuti ntchito yake yonse idzachokera m'maulendo apansi okha, ndi kuti sadzasuntha mwala kapena kutola kanthu panjira. Amabwera ndi chithunzi ndi mawu ochepa basi.

Kusamala kotere kungaoneke ngati kopitirira muyeso m'dziko la mvula, kumene udzu umadzuka ndipo mapazi a dzulo amafafanizika ndi mvula ya usiku. M'chipululu si choncho. M'mwezi wa December 2014, pamene msonkhano wa maiko wokambirana za kusintha kwa nyengo unali kuchitika ku Lima, anthu a bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace analowa usiku m'dera loletsedwa la Nazca, nayala zilembo zazikulu za nsalu yachikasu pafupi ndi kambalame ka mlomo wautali kaja, kuti uthenga wawo ujambulidwe kuchokera kumwamba. Kumaloko ngakhale akuluakulu a boma salowa popanda chilolezo, ndipo ololedwa amavala zopondera zapadera zotambalala kuti timiyala tisatembenuzike. Kutacha anthuwo anapinda nsalu zawo nachoka nazo zonse, osasiya chinyalala. Koma anali atayenda mondondozana popita ndi pobwera, ndipo nsapato zawo zinasuntha timiyala todera tija ndi kuvundukula dothi loyera la pansi pake, monga momwe anthu a Nazca anachitira dala zaka 2,000 zapitazo. Bungwelo linapepesa, boma la Peru linatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu 2017 mmodzi wa otsogolera ulendowo anapezeka wolakwa nalipitsidwa chindapusa. Zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba masiku otsatira zinaonetsa, pambali pa kambalameko, kanjira katsopano koyera kamene kale kunalibe.